Dzina la Dolly pa Kadi ya Chipatala

"Undiuze pamaso panga, iwe Evaristo, kuti mwana wa mlongo wako wachepa mphamvu kuposa mwana amene unachita kumupeza akuyenda kale!"

Amene ankakalipawo anali a Charity, mlongo wake wamkulu wa Evaristo, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kuseri kwa mpanda wa nyumba ya Evaristo m'komboni ya Ndeke. Anali atangochokera ku Misa, chitenje cha bungwe la amayi chidakali m'chiuno. Edna, mkazi wa Evaristo, ankasita mayunifolomu a ana pakona. Atamva zimenezo anaimika simbi, koma sanatembenuke.

"Asisi, khalani pansi timvane," anatero Evaristo. "Akampani anena momveka bwino. Poti tsopano andilemba ntchito yokhazikika, andiika pa inshuwalansi ya antchito onse. Kadi ya chipatala imatenga ine, mkazi wanga ndi ana atatu. M'nyumba muno ana alimo atatu, Dolly, Brighton ndi Beauty. Nanga pamenepa ndalakwa chiyani?"

"Ana ako ndi awiri! Wachitatuyo ali ndi bambo wake, kaya ali ku Solwezi kaya ali kuti, akamufunefune. Jesse wanga akumagona chokhala ndi mphumu, chifuwa chikulira ngati wenzulo. Iwe ndiwe malume wake, mwini mbumba. Kwathu ku Katete mwana wa mlongo wako ndiye wako weniweni. Kapena mpweya wa m'migodi wakuiwalitsa? Chibale ndi fupa, sichiwola."

"Ndiye mukuti ndikalembe kuti Jesse ndi mwana wanga wobereka? Limenelo ndi bodza, asisi. Akaligwira, ntchito yathera pomwepo."

"Nanga kulemba Dolly si bodza?"

"Ndinafunsa ku ofesi. Anati mwana amene ndikumulera pansi pa denga langa, ngakhale akhale wopeza, ndi mwana wanga basi."

A Charity anawomba m'manja kamodzi n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe. Kenako anatembenukira kwa Edna.

"Inu amake Dolly, mwangoti phee ngati simukumva. Mankhwala amene munamudyetsa mlongo wangayu ndi amphamvu, ndakugonjerani."

Edna anadzigwira. Ankawadziwa alamu akewo. Sanali munthu woipa mtima. Pamene Edna ankachira Beauty, ndi iwo amene anagona pansi m'chipatala kumudikirira. Koma nkhani ikakhudza Jesse, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankasanduka nkhuku ya anapiye.

"Alamu," anatero Edna mofatsa, "ine sindinapemphe kanthu. Abambo a Brighton anandikwatira Dolly ali kumsana, akumuona. Za Jesse zimatipweteka tonse. Mankhwala ake opopera aja tikhoza kumathandizana kugula, monga tachitira muno monse."

"Kuthandizana! Wina adye nyama, wina anyambite mbale, ndiye muzikutcha kuthandizana? Chabwino. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Tidzaonana."

Anatola chikwama chawo n'kutuluka. Pakhomo anatsala pang'ono kugundana ndi Dolly, amene anali atagwada pa beseni akutsuka mbale. Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zinayi, anasendeza beseni kuti azakhali akewo adutse. Sanadzutse mutu.

Edna anamuyang'ana pazenera. Mwanayo anali atamva zonse.

Makadi anabwera sabata yotsatira, aliyense yake, yokhala ndi chithunzi. Brighton ndi Beauty ankalimbirana kuona amene watuluka bwino. Dolly anaitenga yake ndi manja awiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Zikomo, atate," anatero, kenako anaipereka kwa amake kuti amusungire.

Madzulo amenewo Edna anaika makadi onse m'kathumba ka mkati mwa chikwama chake. Zaka zonse zija Evaristo akuyendera maganyu owotcherera zitsulo, mwana akatentha thupi Edna ankayamba wayang'ana kaye m'chitini cha pashelefu asanaganize za chipatala. Tsopano kampani yokonza makina a m'migodi inali itamuchotsera katundu ameneyo pamutu. Anagwada pambali pa bedi n'kuthokoza Mulungu, ndipo anatchulanso akampaniwo m'pemphero ngakhale sankadziwa dzina la bwana ndi mmodzi yemwe.

Loweruka lililonse Dolly ankapita kumsika wa ku Ipusukilo kukathandiza a Charity pa kantemba kawo ka zovala zakaunjika, za salaula. Evaristo anafuna kuti zimenezo zithe.

"Asisi akadali ndi mkwiyo," anatero. "Mwanayu ayambe wakhala pakhomo."

"Ayi, abambo a Brighton," anayankha Edna. "Tikamuletsa adzati ndadula chibale ndine. Madzi akatayika sawoleka, koma chibale chimawoleka. Azipita, mtima wawo udzatsika akamamuona."

Dolly anapitadi. Anabwerako madzulo ali chete, nsapato zili fumbi lokhalokha. Edna atamufunsa za malonda anangoti, "Anayenda bwino, amama," n'kulowa kuchipinda.

Pakati pa sabata ina Edna anaona kuti mwanayo akusiya chakudya m'mbale. Tsiku linzake anamupeza atatsamira khoma la bafa, dzanja lili pamimba.

"Iwe, watani?"

"Palibe, amama. Ndi zakumwezi chabe."

"Tiye kuchipatala akakuone. Kadi ilipo, tikuopanji?"

"Ayi!" Dolly anayankha mofulumira kwambiri, mwakuti Edna anadabwa. "Ayi, amama, zimatha zokha. Mundipatse panado basi."

Edna anamupatsa panado ndi botolo la madzi ofunda kuti aike pamimba. Iyenso pa msinkhu umenewo ankavutika chimodzimodzi, choncho sanaganize zambiri. M'mawa mwake Dolly anavala yunifolomu n'kupita kusukulu, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza ndowa yodzaza. Lachisanu anasanza, n'kunena kuti ndi mango osapsa amene anadya ndi anzake. Loweruka anadzuka yekha kukonzekera ulendo wa ku Ipusukilo.

"Lero ugone," anatero Edna. "Nkhope yako sikundisangalatsa."

"Ndili bwino. Azakhali atsegula belo latsopano lero, anthu achuluka. Ndikapanda kupita adzati ndayamba matama."

Edna anamulola. Pambuyo pake, nthawi zonse akakumbukira m'mawa umenewo, ankadziluma chala.

Dzuwa lili pamutu foni inalira. Anali a Charity, koma mawu awo sanali aja a masiku onse.

"Amake Dolly, thamangani! Mwana wagwa pa kantemba. Thupi ndi moto, sakuyankha bwino. Ndili naye mu takisi. Ndipite naye kuti?"

Edna anatchula chipatala chimene akampani anawauza, anasiya ana aang'ono kwa mnzake woyandikana naye nyumba, n'kuthamangira kumsewu chikwama chili kukhwapa, patapata wina wake wina wa mwamuna wake. Ali mu minibasi anaimbira Evaristo, amene tsiku limenelo anali ku ntchito.

Anawapeza a Charity pakhomo la chipatala, Dolly ali kumsana kwawo atamangidwa ndi chitenje ngati khanda, miyendo yake yaitali ikulendewera. Thukuta linali litanyowetsa bulauzi yawo yonse.

"Takisi sinkafika kumsika chifukwa cha matope," anatero akupuma mwabefu. "Ndamubereka kuchokera pa kantemba mpaka kumsewu waukulu."

Pa tebulo lolandirira odwala panali mtsikana amene anawafunsa m'Chibemba ngati ali ndi kadi. Edna anapisa m'chikwama mofulumira moti makadi onse anagwera pansi. Mtsikanayo anatola ya Dolly, anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwanayo, anagogoda pa kompyuta yake, n'kuitana anamwino. Edna anaima chilili kudikira mawu amene anawazolowera moyo wake wonse, akuti yambani mwalipira. Mawuwo sanabwere. M'malo mwake kunabwera bedi la matayala, ndipo Dolly analowa naye mkati.

Patapita kanthawi dokotala anatuluka. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba.

"Mayi wake ndani? Mwana wanu ali ndi kathumbo kena m'mimba kotchedwa apendikisi. Katupa mpaka kaphulika, ndipo mafinya ayamba kufalikira. Tikupita naye ku opaleshoni pompano. Koma mayi, ululu umenewu sunayambe lero. Mwanayu wakhala akuvutika masiku angapo. Munali kuti?"

Edna analandira pepala lovomereza opaleshoni. Anasaina pamene anamulozera, n'kukhala pa benchi.

Evaristo anafika atavala ovolosi ya mafuta, limodzi ndi bambo wina wachikulire wa imvi, a Nicodemus, amene ankagwira naye ntchito ndipo ndi amene anamutenga pa galimoto yawo yakale. Anakhala onse anayi pa benchi. A Charity anatulutsa korona n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Edna ankangoyang'ana chitseko.

"Ndinamuona akugwira pamimba," anatero Edna. "Ndinamuuza kuti tipite, anakana. Ine mayi wake ndinamvera mwana."

"Musadziweruze, mayi," anatero a Nicodemus. "Wafika m'manja mwa odziwa. Tiyeni tidikire."

Dzuwa litapendeka dokotala uja anatulukanso, chophimba kukamwa chili pakhosi.

"Tachotsa, ndipo tatsuka m'mimba monse. Akanagona nazo kunyumba lero, bwenzi tikukamba zina. Akhala kuno masiku angapo, tikumupatsa mankhwala amphamvu a m'mitsempha. Koma achira."

Edna anagwada pa simenti pomwepo, n'kugwira dzanja la dokotalayo ndi manja ake onse awiri. Misozi inangotuluka. Dokotala anamudzutsa akumwetulira.

"Dzukani, mayi. Thokozaninso amene anamubereka kumsanawo, anachita changu."

Mawa lake masana, Misa itatha, anakumananso onse pa bedi la Dolly. A Charity anabwera ndi phala m'fulasiki. Mwanayo anali atatsitsimuka, milomo youma, paipi ya madzi ili padzanja. Anayang'ana chipinda choyeracho, nsalu zotchinga, makina olira pambali pake, ndipo nkhope yake inasintha. Anayamba kulira mosatulutsa mawu.

"Chikupweteka?" anafunsa Edna. "Ndiitane anamwino?"

Dolly anapukusa mutu. Anayang'ana Evaristo.

"Atate, pepani. Ndinayesetsa kupirira. Sindinafune kuti mubwere nane kuno."

"Ukupepesa chiyani, mwana wanga?"

"Akuchotsani ntchito chifukwa cha ine. Chipatala chodula chonchi, adula malipiro anu onse. Brighton ndi Beauty adya chiyani?"

Evaristo anayang'ana mkazi wake, kenako anawerama pafupi ndi mwanayo.

"Wakuuza zimenezo ndani?"

Maso a Dolly anapita kwa a Charity n'kubwerera msanga ku bulangete. Zinakwana. A Charity anaika fulasiki ija pambali.

"Lankhula, usaope," anatero Edna, mawu ake atatsika.

"Anati kadi ija ndi ngongole. Anati ndikangopita nayo kuchipatala, akampani amadula ndalama za atate, ndipo zikachuluka amawachotsa ntchito. Anati mwana wopeza amayenera kudziwa malire ake, asamadye za eni nyumba mpaka kuwasiya m'manja muli mbee."

Mayi wina wodwala pa bedi loyandikana nalo anatembenukira kukhoma.

"Asisi," anatero Evaristo, "tiyeni panja."

Anatuluka atatu n'kukaima pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa wodi. Edna anali asanamuonepo mwamuna wake ali choncho. Evaristo anali munthu woti mlongo wake akakweza mawu iye amatsitsa mutu, poti a Charity ndi amene anamulera amayi awo atamwalira. Lero mutu unali chilili.

"Mwamva zimene wanena mwana uja?"

"Ndinangolankhula ndi mkwiyo, Evaristo. Pakamwa pamatha kuterereka. Ndikanadziwa bwanji kuti azisunga mumtima? Ana a masiku ano samva n'komwe zimene akulu tikunena."

"Uyu anamva. Wakhala masiku akuwola m'mimba, akuseka nafe, kuopa kuti ine ndingachotsedwe ntchito. Akanafera pa kantemba panu paja, mukanati pakamwa panaterereka?"

"Nanga amene anamubereka kumsana ndani? Si ine? Ndinasiya katundu yense pambalambanda, belo latsopano, osayang'ana n'kumbuyo komwe! Ndikanakhala mfiti ndikanatero?"

"Palibe wakutchulani ufiti. Koma munthu sayatsa nyumba kenako n'kumadzitama kuti ndi iye anabwera ndi ndowa ya madzi."

A Charity anakhala pa muzu wa mtengo uja n'kuphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe sudziwa," anatero. "Sudziwa kukhala ndi mwana mmodzi, bambo wake ali kumanda, iwe n'kumamvetsera ngati akupumabe. Nditamva za kadi ija ndinati Mulungu wandikumbukira. Kenako ndinamva kuti malo atenga wina. Mtima unandiwawa, Evaristo. Ndikamuona Dolly akupinda zovala pa kantemba, wathanzi, wonenepa bwino, ndinkangoona malo a Jesse."

Edna anali atakonza mawu ambiri owawa pamene ankatuluka m'wodi muja. Koma atawaona alamu akewo atakhala pa muzu, mapazi ali ndi matope a dzulo amene anali asanachoke bwino m'zikhadabo, mawu aja anasungunuka n'kutsala ochepa.

"Alamu," anatero, "ine ndili ndi zinthu ziwiri mumtima, ndipo ndinena zonse. Choyamba, zikomo. Msana wanu ndi umene wapulumutsa mwana wanga. Chimenecho sindidzaiwala mpaka kufa. Chachiwiri, munandilasa. Mukanandinena ine, ndine wamkulu, ndikanameza. Koma munasenzetsa mwana katundu woti ngakhale wamkulu sangamuthe. Dolly sanasankhe bambo womubereka. Kuyambira ali wamng'ono amayenda chonyang'ama m'nyumba mwake momwe, amadya mochepa, sapempha kanthu, kuopa kuti wina angamukumbutse kuti ndi wobwera. Ine ndimayesetsa kumuchotsa mantha amenewo, inu mwawathirira madzi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawa ndi Dolly yemweyo amene adzathamange ndi Jesse kumsana."

A Charity ankalira chamumtima. Mapewa awo okha ndi amene ankagwedera.

"Za Jesse ndamva," anatero Evaristo, mawu atafewa pang'ono. "Ndine malume wake, sindinakanepo. Poti za chipatala za m'nyumba mwanga tsopano zili m'manja mwa inshuwalansi, m'thumba mwanga mwatsala mpata. Mankhwala ake opopera ndizigula ine mwezi uliwonse, ndipo sabata ino ndipita naye kwa dokotala wa chifuwa. Zimenezo ndi zanga, si za kampani. Koma Dolly ndi mwana wanga, asisi. Mawu akuti wopeza ndisadzawamvenso, kaya kunyumba kwanga kaya ku kantemba kwanu."

A Charity anapukuta nkhope, anaimirira, n'kulowa m'wodi osayang'ana aliyense. Edna anawatsatira. Anawaona akukhala m'mphepete mwa bedi, akutsegula fulasiki n'kuthira phala m'kapu. Anauzira supuni n'kuifikitsa pakamwa pa Dolly.

"Ndinanama, mwana iwe," anatero, maso ali pa supuni. "Wamva? Azakhali ako ndinanama. Za kadi ija sindidziwa kanthu, ndinangopeka ndi nsanje. Yasamula."

Dolly anayang'ana amake. Edna anagwedeza mutu movomereza. Mwanayo anayasamula.

Anatuluka m'chipatala patapita sabata ndi masiku, atawonda koma maso ali owala. Tsiku lotuluka Edna anapita ku ofesi ya malipiro ali ndi kamantha kake, poti mtima wa munthu wosauka sukhulupirira msanga. Kalaliki anamuonetsa poti asaine, anamupatsa mankhwala okamwera kunyumba, n'kumuuza tsiku lodzachotsa ulusi. Edna anaimabe.

"Pali china, mayi?"

"Ndiye kuti basi? Tizipita?"

"Basi, mukwai," anayankha ndi ulemu wa Chibemba. "Zonse zapita ku inshuwalansi. Kasamaleni mwana."

Anatuluka akuseka yekha ngati wamisala, mpaka mlonda wa pageti anamuyang'ana modabwa.

Komabe Edna anaona kuti munga uja sunatuluke wonse mumtima mwa Dolly. Evaristo akachedwa pang'ono kuchokera ku ntchito, mwanayo ankakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo akafika ankayamba wamuyang'ana kumaso asanamulandire chikwama. Kumapeto kwa mwezi anafunsa amake monong'ona ngati atate alandira malipiro onse.

"Mawu athu sakumukwanira," Edna anauza mwamuna wake. "Akuganiza kuti tikumubisira. Komanso ine ndili ndi ngongole ya zikomo. Sindingathe kupita kwa eni inshuwalansi, sindiwadziwa. Koma anzanu a ku ntchito ndingawapeze."

Choncho tsiku lina Edna anafulula chakumwa cha munkoyo chodzaza chigubu, anakazinga vitumbuwa beseni lathunthu, ndipo iye ndi Dolly anakwera minibasi kupita kudera la mafakitale. Anafika nthawi ya chakudya cha masana. Amuna ovala maovolosi anali atakhala pa matayala akuluakulu ndi pa zitsulo kunja kwa shedi, ena akulankhula Chibemba, ena Chinyanja. Evaristo anawadziwitsa kwa anzakewo, akuchita manyazi ngati mnyamata.

Edna anatula beseni, anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja.

"Abambo, ine ndilibe mawu ambiri. Mwana uyu akanakhala kumanda. Andiuza kuti chimene chinamulipirira chipatala ndi chinthu cha inu nonse pamodzi ndi akampani. Ndiye ndati ndisangothokoza kumwamba kokha, pansi panonso pali anthu. Natotela sana. Zikomo kwambiri. Idyani timandasi iti, ndi tochepa."

Amuna aja anawomba m'manja, ena akuseka, n'kuyamba kupatsirana makapu. A Nicodemus, bambo wa imvi uja, anasendera pa tayala lawo n'kuitana Dolly kuti akhale pambali pawo.

"Bambo ako andiuza kuti ukuopa kuti tiwathamangitsa ntchito," anatero. "Tamvera. Pano tilipo anthu ambiri. Mwezi uliwonse kampani imaponya gawo lalikulu mu mphika umodzi, ifenso aliyense amatidula kachepe. Udwale, usadwale, kachepeko n'komweko. Wina akagwa, mphika uja ndi umene umamudzutsa. Mwezi uno unali iwe. Chaka chatha anali mkazi wa uyo akutafuna ngati ngamilayo, anabereka mapasa pa opaleshoni. Waona kuti anamuchotsa ntchito?"

"Akanandichotsa bwenzi vitumbuwa ivi mukudya nokha!" anakuwa mwamunayo kukamwa kuli kodzaza, ndipo onse anafa nacho chiseko.

Dolly anamwetulira, koma anafunsabe motsitsa mawu.

"Ndiye kuti ndadya ndalama zanu, agogo. Simukudandaula?"

A Nicodemus anamwa munkoyo, anapukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja, n'kuyang'ana anzawo.

"Awa akudziwa. Pa kampani pano palibe munthu amene wanyoza inshuwalansi imeneyi kuposa ine. Chilowereni sindinadwalepo, ngakhale chimfine chimandiopa. Mkazi wanga ndi chitsulo, ana anakula kalekale. Mwezi uliwonse ndikaona pamene adula ndinkapita ku ofesi kukachita phokoso, kuti ndalama zanga mukupita nazo kuti, ndionetseni chimene ndagula."

"Amatisokosa!" anavomereza wina.

"Eya, ndinkasokosa. Tsiku lija pa benchi ya chipatala ndinakhala chete koyamba." Anatembenukira kwa Dolly. "Taimirira, mwana wanga. Tayenda ufike pa geti apo, ubwerenso."

Dolly anayang'ana amake modabwa, kenako anaimirira. Anayenda bwinobwino mpaka pa geti, dzuwa likumuwomba pa diresi lake lachikasu, n'kutembenuka kubwerera. Amuna onse anali atasiya kutafuna.

A Nicodemus analoza ndi kapu yawo.

"Mwaziona ndalama zanga, anyamata? Ndi izo zikubwera apozo, zikuyenda ndi miyendo iwiri. Mayi, thiraninso munkoyo."

Edna anatenga chigubu n'kuthira, koma maso anali atadzaza misozi moti wina unatayikira pansi. Palibe amene anadandaula.